Namasupuni, lantana ndi mulunguzi: mafunso ndi mayankho pa zomera zobwera zomwe zikulanda malo

Mukamakwera phiri la Zomba, mukamayenda m'mbali mwa Likangala, kapena mukaima pa mlatho wa ku Liwonde n'kusuzumira m'madzi, zambiri zobiriwira zomwe mukuziona si zakuno. Zina tinachita kuziitana tokha, zina zinabwera zitabisala m'mbewu, ndipo zingapo tsopano zikulanda malo a zomera zomwe makolo athu anazipeza. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pakati pa alimi, ana asukulu ndi anthu okonda maluwa. Mayankho anga atsamira kwambiri pa chibadwa cha zomerazi, chifukwa chikwanje ndi khasu zimangotitopetsa tikamalimbana ndi chomera chomwe sitikudziwa kwawo, mtundu wake ndi mmene chimaberekera.

Kodi chomera chilichonse chochokera kunja n'choipa?

Ayi ndithu. Chimanga kwawo ndi ku Mexico. Chinangwa, mtedza, mbatata ndi fodya zinachokera ku America konko, mango ku India ndi mayiko oyandikana nawo, bulugamu ku Australia. Ngakhale chisoso ndi mwamunaaligone, ndiwo zomwe timathyola m'munda osazibzala, n'zochokera ku America. Zobwera zonse zitati zichoke lero, mawa sitingadye nsima.

Chomwe chimasiyanitsa n'chakuti chimanga sichingakhale popanda munthu. Njere zake zimamatirira pa chitsononkho, zokutidwa ndi makoko, ndipo mukasiya munda zaka ziwiri simuchipezanso. Chomera cholanda malo chimadzifesa chokha, chimafika komwe munthu sanachiike, n'kuphimba zinzake mpaka kuzitha. Mu 1996 akatswiri awiri a ku Britain, Mark Williamson ndi Alastair Fitter, anayerekezera kuti pa zomera 10 zobwera, chimodzi chimathawira kutchire. Pa 10 zothawazo, chimodzi chimakhazikika. Ndipo pa 10 zokhazikikazo, chimodzi ndicho chimasanduka vuto. Kuwerengera kumeneku n'kwa chisawawa, koma kukusonyeza kuti zovutitsa n'zochepa. Tsoka lake n'lakuti chimodzicho chimakwanira kutseka mtsinje.

Nanga kuno ku Zomba zovutitsazo ndi ziti?

Lantana ndiye ali paliponse: chitsamba cha timinga, masamba okhakhala onunkha mwamphamvu mukawafikisa, timaluwa tambiri pamutu umodzi ndi tizipatso timene timada tikapsa. Kuphiri kuli mulunguzi, zipatso zachikasu zija ana amagulitsa m'mbali mwa msewu, zomwe dzina lake la sayansi ndi Rubus ellipticus ndipo kwawo ndi ku mapiri a Himalaya ndi madera ena a Asia. Kulinso paini wa mtundu wa Pinus patula wochokera ku Mexico, yemwe anabzalidwa kuti apereke matabwa koma ku Mulanje ndi ku Nyika anatuluka m'minda yake n'kulowa m'madambo a pamwamba pa phiri. M'mbali mwa misewu muli deliya wa maluwa achikasu, nayenso wa ku Mexico ndi Central America. Mu Shire muli namasupuni wa ku Amazon, yemwe anayamba kuoneka m'dziko muno m'zaka za m'ma 1960. M'chigwa cha nyanja ya Chilwa, mbali ya ku Phalombe, muli mtengo waminga wa Prosopis.

Pafupifupi zonsezi sizinalowe mozemba. Zinakondedwa chifukwa cha maluwa, zipatso, matabwa kapena nkhuni. Munda wa zomera wa ku Zomba, womwe Alexander Whyte anauyambitsa mu 1891, ntchito yake yoyamba inali kuyesa mbewu ndi mitengo yakunja, ndipo minda yotere inalipo m'mayiko ambiri olamulidwa ndi atsamunda, ikumatumizirana njere ndi mbande.

Chomera chomwe kwawo sichivuta, chimalusa bwanji chikafika kwa eni?

Chifukwa choyamba n'chakuti chimasiya adani ake kumbuyo. Ku Amazon namasupuni amadyedwa ndi tizilombo tambiri tomwe takhala naye kuyambira kalekale, ndipo ali ndi matenda akeake. Munthu wonyamula duwa lokongola amasankha lopanda banga, ndiye tizilomboto timatsala. Likafika kuno, palibe cholidya.

Mu 1995 Bernd Blossey ndi Rolf Nötzold anapita patsogolo ndi ganizoli. Iwo anati chomera chimawononga mphamvu zambiri popanga poizoni ndi zina zodzitetezera. Kumalo kopanda adani, mbewu zomwe mwachibadwa sizidzitchinjiriza kwambiri koma zimakula msanga ndizo zimabereka zochuluka, ndipo pakapita mibadwo mtundu wonse umapendekera komweko. Kafukufuku wapeza kuti izi n'zoona kwa zomera zina, kwa zina ayi.

Nthawi zina chomwe chimachedwetsa chomera ndi kusowa bwenzi. Mizu ya paini imadalira bowa wina wa m'nthaka kuti ipeze chakudya. M'mayiko ambiri akummwera kwa dziko lapansi, paini woyamba ankangokhala wachikasu ndi wopinimbira mpaka pamene dothi lokhala ndi bowayo linabweretsedwa ku nazale. Bowayo atafalikira m'nthaka, njere youluka ndi mphepo inayamba kumera paliponse pomwe yagwa. N'chifukwa chake chomera chimatha kukhala chete zaka zambirimbiri. Ku Germany, Ingo Kowarik anapeza kuti mitengo ndi zitsamba zobwera zinkatenga, pa avareji, zaka zoposa 100 zisanayambe kudzifalitsa zokha. Duwa lomwe lakhala phee pakhomo panu kuyambira nthawi ya agogo silinatsimikizire kuti ndi lofatsa.

Ngati zinabwera zochepa chabe, bwanji sizifooka chifukwa chokwatirana pachibale?

Funso ili linazunguza mitu akatswiri kwa nthawi yaitali. Chomera chikachoka kwawo, chimanyamula kachigawo kochepa chabe ka chibadwa cha mtundu wake wonse. Mwa nzeru zonse chinayenera kufooka, kulephera kupirira matenda ndi nyengo yachilendo. Komabe zina zimalanda dziko lonse.

Yankho limodzi mulipeza m'munda wa chinangwa. Mukadula phesi n'kulibzala, chomwe chamera si mwana wa chinangwa chija ayi, ndi chomwecho. Munda wonse ukhoza kukhala chomera chimodzi chodulidwadulidwa. Namasupuni amachita zomwezo popanda womudulira. Mukavuula mmodzi pa Liwonde, muona kansinga kotuluka m'mbali mwa tsinde, kumapeto kwake kuli kamwana kokhala kale ndi masamba ndi mizu yakuda yonga nthenga. Kansingako kakathyoka, kamwanako kamayandama pakokha. Madzi akakhala ofunda komanso odzaza ndi manyowa ochokera m'minda ndi m'matauni, mulu wa namasupuni umatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri okha.

Mu 2010 gulu la akatswiri lomwe munali Spencer Barrett wa ku Canada linayeza DNA, yomwe ndi malangizo a chibadwa opezeka m'maselo a chamoyo chilichonse, ya namasupuni wochokera m'mayiko osiyanasiyana. Linapeza kuti m'malo pafupifupi 80 pa 100 aliwonse kunja kwa South America, namasupuni yense wa pamalopo anali chomera chimodzi chongodzibwereza, ndipo chimodzi mwa izo chinapezeka m'mayiko ambiri otalikirana. Maluwa enieniwo amachitira umboni. Kwawo duwa la namasupuni lili ndi mapangidwe atatu: kachiwalo kolandira mungu kamakhala kakafupi, kapakatikati kapena kakatali. Kunja kuno lofala ndi lapakatikati, ndipo lalifupi silipezeka. Ndiye kuti amene ananyamula ananyamula zochepa zedi.

Ku Britain kuli nkhani yofanana. Chomera cha Japanese knotweed, chomwe Philipp von Siebold anachifikitsa ku Europe m'zaka za m'ma 1800, chimaswa simenti ndi kutsitsa mtengo wogulitsira nyumba, koma atachiyeza anapeza kuti dziko lonselo ndi chomera chimodzi chachikazi.

Chibadwa chimodzi chikagwirizana ndi malo, sichifunika kusintha. Koma pomwepo ndi pamene pali kufooka kwake: mdani amene wagonjetsa chimodzi akhoza kugonjetsa zonse.

Bwanji lantana wina ali ndi maluwa ofiirira, wina achikasu, wina oyera? Ndi chomera chimodzi?

Lantana anayenda njira yosiyana kotheratu. Anatengedwa ku Central ndi South America kupita ku Europe m'zaka za m'ma 1600, ndipo kwa zaka mazana olima maluwa ankakwatitsa mitundu yosiyanasiyana pofuna maonekedwe atsopano. Anatulutsa mitundu mazanamazana, n'kuitumiza ku India, ku Australia ndi kuno ku Africa kuti ikhale mipanda ya nyumba. Itathawira kutchire inapitiriza kukwatirana yokha. Choncho lantana wa m'mbali mwa msewu wa ku Chinamwali si chomera chomwe mungakachipeze m'nkhalango ina ku America. Ndi haibulidi wopangidwa ndi anthu, yemwe alibe kwawo kwenikweni.

Palinso china m'kati mwa maselo ake. DNA imasungidwa m'timitolo totchedwa ma chromosome. Lantana wamba ali ndi 22, koma alipo wa 33, wa 44, wa 55 ngakhale wa 66. Chomera chokhala ndi timitolo towirikiza chotere chimakhala ndi malangizo ambiri a ntchito imodzi, ndipo kawirikawiri chimapirira zambiri. Zomera zolanda malo zochuluka zili m'gulu limeneli.

Kuwirikizaku kumatha kubala mtundu watsopano anthu akuona. Ku doko la Southampton ku England, udzu wa m'matope wochokera ku North America unakumana ndi m'bale wake wa komweko. Cha m'ma 1870 kunapezeka haibulidi wosabereka. Patapita zaka pafupifupi 20, ma chromosome ake anawirikiza, udzuwo unayamba kubala njere, ndipo mtundu watsopano wotchedwa Spartina anglica unadzaza magombe. Prosopis nayenso amakwatirana mosavuta: ku South Africa mitengo yomwe yalanda malo ambiri ndi ana a mitundu iwiri yomwe inabweretsedwa padera.

Oweta ng'ombe adziwe kuti masamba a lantana amawononga chiwindi, ndipo khungu la pamphuno ndi la malo oyera limasupuka ng'ombe ikakhala padzuwa. Zipatso zosapsa n'zoopsa kwa ana.

Kodi chomera chingasinthedi chibadwa m'zaka zochepa? Timamva kuti zotere zimatenga zaka mamiliyoni.

Chomera chobereka chaka ndi chaka chimaona mibadwo 100 m'zaka 100, ndipo imeneyo ndi nthawi yokwanira. Chitsanzo chodziwika bwino ndi duwa la m'madambo lotchedwa purple loosestrife, lomwe linachoka ku Europe kupita ku North America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Litafalikira kumpoto ku Canada, komwe chilimwe n'chachifupi, mbewu zochedwa kuchita maluwa zinkafa ndi chisanu zisanabale. Zofulumira ndizo zinkasiya njere. Mu 2013 Robert Colautti ndi Spencer Barrett anasonyeza kuti zakumpoto tsopano zimachita maluwa msanga zikadali zazifupi, zakummwera zimayamba zakula kaye, ndipo chilichonse chimabereka bwino kwambiri kudera lake. Palibe chomera chomwe chinaganiza zosintha. Nyengo inkangopha zina n'kusiya zina.

Koma tisamafulumire kunena kuti chilichonse chooneka mosiyana chasintha chibadwa. Namasupuni woyandama payekha amakhala wamfupi, mapesi a masamba ake otupa, odzaza mpweya, ofewa mukawatsina. Yemweyo akapanikizana ndi anzake amatalika mpaka kufika m'chiuno, mapesi ake n'kukhala owonda opanda chotupa. DNA ndi imodzimodzi, chasintha ndi malo. Njira yosiyanitsira n'njosavuta, ndipo sukulu iliyonse ikhoza kuiyesa: tengani njere za deliya za kuphiri ndi za kuchigwa cha Chilwa, muzifese pabedi limodzi, madzi ndi dothi zofanana. Zikamera n'kukhalabe zosiyana, kusiyanako kuli m'chibadwa.

Bwanji osangopopera mankhwala n'kuthana nazo?

Mankhwala ali ndi malo ake, makamaka kupaka pa chitsa cha lantana kapena Prosopis mukangodula kuti chisaphukire. Koma kupopera mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka ndiko kusankha mbewu zolimba ndi manja anu. Ku Georgia, m'dziko la America, alimi a thonje ankadalira glyphosate, mankhwala omwe ali mu Roundup. Pofika 2005 zinatsimikizika kuti udzu wotchedwa Palmer amaranth, m'bale wake wa bonongwe, sukufanso. Atauyeza anapeza kuti kachigawo ka DNA kopanga chinthu chomwe mankhwalawo amakatseka kanachulukitsidwa, m'zomera zina koposa ka 100, moti mankhwala sakwanira kutseka zonse. Mungu unanyamula mphamvu imeneyi kupita nayo m'minda ina. Mu 2018 udzu womwewu unapezeka ku South Africa. Popeza alimi ambiri kuno ayamba kupopera m'malo mopalira, nkhaniyi ikutikhudza. Muzisinthasintha mankhwala ndi mbewu, ndipo udzu womwe wapulumuka mutapopera muuzule usanachite njere.

M'madzi omwe anthu amamwa ndi kuphamo nsomba, ine sindingalimbikitse kupopera.

Timamva kuti anabweretsa tizilombo todya namasupuni. Sitidzatembenukira chimanga chathu?

Nkhawayi njomveka. Anankafumbwe a mitundu iwiri ya Neochetina, ochokera ku South America, anatulutsidwa mu Shire m'zaka za m'ma 1990, monga zinachitikiranso ku nyanja ya Victoria. Akuluakulu amakanda masamba n'kusiya timabala tofiirira, ndipo mphutsi zake zimaboola mapesi mpaka chomera chimalowa madzi n'kumira. Tizilombo totere tisanatulutsidwe timayesedwa zaka zingapo pa mbewu zosiyanasiyana, ndipo amasankha tokhato tomwe timalolera kufa ndi njala kusiyana ndi kudya china. Anankafumbwe amenewa akhala m'mayiko ambiri kwa zaka makumi angapo osagwira chimanga. Si amodzi ndi a m'nkhokwe aja. Sathetseratu namasupuni, n'chifukwa chake pa Liwonde pamafunikabe chotchinga ndi makina ovuula zomera kuti zisakatseke magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, koma amamufooketsa.

Apa ndi pomwe chibadwa chimaonekera poyera. Lantana ndi umodzi mwa maudzu oyamba padziko lapansi kulimbana nawo ndi tizilombo, ku Hawaii mu 1902. Kuchokera nthawi imeneyo mitundu ya tizilombo yoposa 40 yayesedwa m'mayiko osiyanasiyana, koma lantana akadali chiimire, mwa zina chifukwa kachilombo kokonda wa maluwa apinki kamanyanyala wa maluwa ofiira. Ku South Africa tizilombo tina tolimbana ndi chitsamba cha Chromolaena tinkalephera kukhazikika, mpaka zinadziwika kuti mtundu wa kumeneko kwawo ndi ku zilumba za Jamaica ndi Cuba, wosiyana ndi womwe uli ku West Africa ndi Asia. Ukafuna mdani woyenera uyenera kudziwa mudzi weniweni womwe chomera chinachokera, ndipo DNA ndiyo imaloza mudziwo.

Nanga kaufiti nayenso ndi wobwera?

Ayi, kaufiti ndi wa kuno ku Africa. Ankayamwa mizu ya maudzu a m'tchire, mapira ndi mawere chimanga chisanafike. Amachuluka m'nthaka yoguga, ndipo njere zake zonga fumbi zimadikira m'dothi zaka zoposa 10. M'malo mwake ndi ku America komwe iye ali mlendo wovutitsa: anapezeka ku North Carolina mu 1956.

Ana athu amapeza ndalama ya sopo ndi makope pogulitsa mulunguzi, ndipo deliya timapangira manyowa. Mukuti tizule?

Sindinganene kwa mayi yemwe mwana wake amagula yunifomu ndi ndalama ya mulunguzi kuti chomerachi n'chachabe. Zipatsozo n'zokoma, ndipo masamba a deliya amawola msanga n'kubwezera chonde m'nthaka. Koma yang'anani pansi pa chitsamba cha mulunguzi, mukapinda nthambi zake zaubweya wofiira ndi minga yokowa: palibe kambande ka mtengo wachilengedwe ngakhale kamodzi. Mbalame monga apumbwa, komanso anyani, amadya zipatso n'kukataya njere m'mphepete mwa timitsinje, ndipo chitsambacho chikadulidwa kapena kupsa ndi moto chimaphukira kumizu. Timitsinje timeneti ndi tomwe timadzaza damu la Mulunguzi, lomwe mzinda wonse umamwa.

Maganizo anga ndi akuti tisiyanitse malo. M'mbali mwa msewu ndi m'malire a minda ya paini, thyolani ndithu, ndipo chipatso chilichonse chofika pamsika ndi njere zomwe mbalame sinamwaze. M'tizigawo ta nkhalango yachilengedwe tomwe tatsala, ndi m'magwero a mitsinje, chizulidwe ndi mizu yomwe. Deliya mumudule asanachite maluwa, pomwenso masamba ake ali ndi mphamvu, ndipo musamubzale dala kudera komwe sanafike.

Ngati chomera chafika kale m'dziko, kubweretsa china cha mtundu womwewo kuli ndi vuto lanji?

Pa mafunso onse, ili ndi lomwe ndimafuna anthu okonda maluwa alimvetse. Ambiri amaganiza kuti popeza lantana ali kale ponseponse, kubwera ndi kamtengo ka maluwa amtundu wina kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam sikusintha kanthu. Kumasintha. Kamtengoko kanyamula chibadwa chomwe wa kutchire kuno analibe, mwina chopirira chilala, mwina chopirira kuzizira kwa kuphiri, ndipo agulugufe sachedwa kusamutsa mungu. Ngakhale mitundu yomwe ogulitsa amati siibala njere nthawi zina imatulutsa mungu wamoyo.

Ku Florida mtengo wa Brazilian pepper unafika kawiri, kugombe la kumadzulo ndi la kummawa, kuchokera kumadera awiri osiyana a ku Brazil. Kwawo mitundu iwiriyi inali yotalikirana. Ku Florida inakumana, ndipo ana ake anapezeka kuti amamera ndi kukula bwino kuposa makolo onse awiri. Namasupuni wathu, yemwe mphamvu yake yagona pa chibadwa chochepa, akhoza kulimba chimodzimodzi ngati wina atabweretsa wa kwina kuti akongoletse dziwe la pakhomo. Pajatu amabalanso njere, zomwe zimakhala m'matope zaka 20 n'kumera madzi akaphwa.

Ndikaona chomera chachilendo chikufalikira, ndichite chiyani?

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi, chifukwa likulu la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi lili mumzinda mwathu muno, pamodzi ndi Forestry Research Institute of Malawi ndi University of Malawi. Thyolani nthambi yokhala ndi masamba, maluwa ndi zipatso ngati zilipo, muiyale pakati pa nyuzipepala, mutsindike ndi chinthu cholemera, ndipo mulembe mudzi, tsiku ndi mtundu wa malo, kaya ndi dambo, munda kapena m'mbali mwa msewu. Jambulaninso ndi foni. Alangizi a zaulimi kapena a zankhalango a m'dera lanu akhoza kukuthandizani kuifikitsa. Zomera zouma zoterezi zimasungidwa zaka zambiri, ndipo akatswiri amatha kutengamo DNA n'kuyerekeza chomera cha lero ndi cha nthawi yomwe chinkangofika.

Chenjerani makamaka ndi udzu wotchedwa Parthenium, womwe uli kale ku Tanzania ndi ku Mozambique. Masamba ake ndi ong'ambikang'ambika, otuwa pang'ono, timaluwa take toyera ting'onoting'ono, ndipo umayabwa pakhungu ndi kubanikitsa. Umakonda kuyamba m'mbali mwa misewu ndi pomwe magalimoto akuluakulu amaima. Mukaukayikira, valani pulasitiki m'manja, muuzule usanachite njere, muuike m'thumba lomanga bwino, ndipo nthambi imodzi mupite nayo kwa alangizi tsiku lomwelo.